Bokosi la sabufa: lotseka kapena la paipi?

Wa Sienta pa Lizulu:
Akuluakulu, mwaswera bwanji nonse? Ine kuno zandivuta. Sabufa yanga, sipika yaikulu ya besi ija ya mainchi 12, yafa dzana ndili pakati pa Mlangeni ndi Lizulu. Inayamba kulira ngati munthu akumenya katoni ndi chikhatho, phaphapha, kenako fungo la waya wopsa galimoto yonse. Mayi wina amene anakhala kumbuyo mpaka anakuwa kuti nditsitseni, galimoto ikuyaka. Ndagula kale sipika ina, koma sindikufuna kuibwezera m'bokosi lomwe lija. Ndiye ndithandizeni, ndikhometse bokosi lotseka kapena la paipi? Azungu amati sealed ndi ported, eti?

Mfana wa Amapiano:
Funso limeneli n'lofunsanso achimwene? La paipi basi. Lotseka ndi la anthu omvera nkhani za maliro pa wailesi kkkk. Ine ndikamachokera ku Kampepuza anthu pa boma amadziwiratu kuti ndikubwera.

Madala a ku Bembeke:
Amadziwiratu chifukwa cha nambala puleti imene imalira ngati chitini cha m'munda choopsezera mbalame. Mwana wanga, phokoso ndi nyimbo ndi zinthu ziwiri. Ine ndayendetsa minibasi pa M1 zaka zambiri, ndipo bokosi langa lakhala lotseka nthawi yonseyi. Ukaika rege umamva chala cha woimba besi chikuchoka pa chingwe china kupita pa china. M'galimoto zanu zija chimangomveka buuu, buuu, nyimbo iliyonse mawu amodzimodzi, kaya ndi kwaya kaya ndi manganje.

Mfana wa Amapiano:
Madala, ndi ulemu wonse, log drum, besi yakuya ija ya amapiano, simungaimve m'kabokosi kanu kotseka ngati sutikesi kaja. Imafuna mpweya.

Wa Mawaya pa Boma:
Tisanayambe kukangana, achimwene a Sienta tatiuzeni za bokosi lakalelo. Ndi lalikulu bwanji, paipi yake ndi yotalika bwanji, ndipo anakhoma ndani?

Wa Sienta pa Lizulu:
Anakhoma mkulu wina wake wokonza mipando, dzina tisatchule, ndi munthu wa banja. Ndangoliyeza pompano ndi tepi. M'kati ndi pafupifupi 50 cm, 36 cm ndi 28 cm. Paipi ndi ija ya pulasitiki ya ku bafa, ya 110 mm. Kutalika kwake ndi 10 cm. Anati yaitali imatsekereza besi, ndiye anaidula. Kunja analikuta kapeti yakuda bwinobwino, anthu ankachita kulisirira.

Wa Mawaya pa Boma:
Chikomekome cha nkuyu. Aphunzitsi muli pafupi? Bwerani ndi samu zanu, wodwala wapezeka.

Aphunzitsi a ku Dedza:
Ndilipo, ndimachonga mayeso. Achimwene, chapha sipika yanu ndi paipiyo.

Tengani botolo la Fanta lopanda kanthu, muuzire pakamwa pake. Limalira mawu amodzi, huuu. Thiranimo madzi theka, muuzirenso, mawu aja akwera chifukwa mpweya wa m'kati wachepa. Botolo la khosi lalitali limalira motsika kuposa la khosi lalifupi. Bokosi la paipi ndi botolo lomwelo basi. Kukula kwa bokosi, kukula kwa kamwa la paipi ndi kutalika kwake, zitatuzi ndi zimene zimasankha mawu amene bokosi lizikonda. Ndiko kuchuna bokosi kumene amanena kuja.

Tiyeni ku lanulo. 50 kuchulukitsa 36 kuchulukitsa 28 ndi 50,400, kugawa ndi 1,000 ndi malita 50. Paipi ya 110 mm m'bokosi la malita 50, kuti lichunidwe pa 35 Hz (Hz ndi kangati mawu amanjenjemera pa sekondi, nambala ikatsika mawu ndi akuya), imafunika kutalika pafupifupi 33 cm. Yanu ya 10 cm inalichuna cha m'ma 54 Hz. Chingwe chachikulu cha gitala ya besi ya zingwe zinayi chimalira pa 41 Hz. Ya zingwe zisanu imatsika mpaka 31 Hz. Ndiye kuti mawu onse akuya enieni anali kunsi kwa pamene bokosi lanu linachunidwa.

Nkhani yagona pamenepo. Pa mawu amene bokosi lachunidwa, koni ya sipika, chipepala chakutsogolo chija, simayenda kwambiri, ntchito imagwira ndi mpweya wa m'paipi. Koma mukatsika kunsi kwa pamenepo paipi imangosanduka bowo wamba. Koni ilibenso choigwira, imangoponyedwa uku ndi uku ngati ili pa tebulo yopanda bokosi. Phaphapha amene munamva uja inali koyilo, kawaya kokulungidwa kamene kamayendetsa koni, ikumenya chitsulo chakumbuyo.

Wa Sienta pa Lizulu:
Abale inu! Ndipo ine ndikamva kuti besi yakuya sikumveka ndimawonjezera voliyumu ndi bass boost, kabatani kokwezera besi kaja.

Wa Mawaya pa Boma:
Ndiye munaikumbira manda ndi manja anu. Koyilo ikamenya kumbuyo imapindika, ikapindika imayamba kukhula m'mbali, inu n'kumawonjezera moto. Fungo lija linali guluu wa pa koyilo akupsa. Ndimalandira zoterezi kawirikawiri, mwini wake akutukwana sipika kuti ndi yabodza, pamene sipika ilibe mlandu.

Mfana wa Amapiano:
Ndiye mwamva nokha, vuto si paipi, vuto ndi wodula paipi. Achimwene gulani ya 33 cm muikemo, nkhani yatha.

Kalipentala wa pa Chimbiya:
Aise, siyatha. Paipi ya 33 cm ilowa bwanji m'bokosi la 28 cm kupita kumbuyo? Uyenera kuilowetsa cham'mbali, ndipo kumapeto kwake kutsale mpata wosachepera kukula kwa kamwa lake kuti ipume. Komanso paipiyo payokha imadya malita ngati 3, sipika nayo imadya ake awiri kapena atatu. Ndiye kuti m'kati mutsale malita 50 enieni, bokosi likhale la 55 kapena 56. Limenelo si bokosi laling'ono.

Ndipo ndiwatetezeko anzanga a ntchito. Munthu amabwera ndi sipika m'manja n'kunena kuti ndikhomereni bokosi logunda, likwane apa. Pepala la sipika anataya tsiku logula. Ife tilote? Kalipentala amadziwa sikweya ndi pulena, za ma Hz sanaphunzire.

Nangozo wa Probox:
Pepani azibambo, ndilowererepo. Achimwene, Sienta yanuyo si ija imanyamula anthu ndi matumba a kachewere pa Lizulu? Bokosi la malita 56 muliika pati? Ine ndinali nalo la paipi mu Probox, mwana wa mchemwali wanga anandinyengerera. Ulendo uliwonse wopita ku Lilongwe ndimasiya thumba limodzi la kabichi chifukwa cha chibokosi. Werengani nokha pa mwezi. Tsiku lina ndikumva nyimbo zikulira ngati muli miyala, kukayang'ana, m'paipi mwalowa timbatatesi ting'onoting'ono ndi dothi la ku Tsangano. Ulendo wina tinapezamo khoswe atamanga chisa ndi thonje la m'katimo. Ndinalitsitsa, pano ana amakhalira pakhonde.

Mfana wa Amapiano:
Kkkkk khoswe ameneyo anali wodziwa nyimbo asisi. Koma pakamwa pa paipi amaikapo kawaya ka sefa, si nkhani.

Nangozo wa Probox:
Sefa ibweza thumba langa la kabichi?

Madala a ku Bembeke:
Mayankheni mayiwo, mwana wanga.

Mfana wa Amapiano:
Chabwino, malo limadya, sindikana. Koma tinene zoona, pa ampu imodzimodzi, chokuzira mawu chija, la paipi limagunda kwambiri. Aphunzitsi ndikunama?

Aphunzitsi a ku Dedza:
Sukunama. Pafupi ndi pamene lachunidwa, la paipi limaposa lotseka ndi ma decibel 3 kapena kupitirirapo, decibel ndiye muyeso wa kukula kwa mawu. Musawadelere ma decibel 3, chifukwa kuti muwapeze ndi lotseka muyenera kuwirikiza kawiri mphamvu ya ampu. Wa ma watts 200 afunika 400. Ndiye amene ampu yake ndi yaing'ono koma akufuna mdidi, paipi imamupatsa ulere.

Koma ulerewo uli ndi ngongole yake. Kunsi kwa pamene lachunidwa, mawu a la paipi amagwa ndi ma decibel 24 pa octave iliyonse, ndiye kuti nthawi iliyonse ma Hz akatsika ndi theka. Lotseka limagwa ndi 12 okha, pang'onopang'ono ngati kutsetsereka kochoka pa Dedza kupita ku Linthipe. La paipi limagwa ngati Khwekhwelere.

Pali chinanso chimene anthu sachidziwa. Galimoto yotseka mawindo nayonso ndi bokosi. Kuyambira cha m'ma 60 kapena 70 Hz kutsika, chipinda cha galimoto chimakweza chokha mawu akuya, pafupifupi ndi mlingo womwewo umene bokosi lotseka likutaya. Ziwirizi zimakwaniritsana. N'chifukwa chake kabokosi ka Madala kamamveka kodzaza ukakhala m'kati, ngakhale panja sikamveka patali.

Madala a ku Bembeke:
Ndipo kuno kwathu June ndi July ndani amatsegula windo? Chisanu cha pa Bembeke chimatichunira chokha galimoto.

Mfana wa Amapiano:
Nanga ine amene ndimatsegula buti ku ukwati ndi ku mpira? Chinkhoswe cha mlongo wanga ku Nsipe magetsi atathima anthu anavina ndi galimoto yanga mpaka usiku.

Aphunzitsi a ku Dedza:
Iwe ndiye uli pa chilungamo chako. Ukatsegula buti thandizo la chipinda lija latha, ndipo pabwalo la paipi limapambana mosakayikitsa. Ndikanakhala iwe nanenso ndikanakhoma la paipi. Koma wafunsa ndi wa Sienta, amene amamvera nyimbo ali pa chiwongolero, anthu ali m'kati.

Wa Mawaya pa Boma:
Mfana, poti walankhula, ampu yako ili ndi subsonic?

Mfana wa Amapiano:
Kabatani kaja kali pafupi ndi LPF yodula mawu okwera ija? Kalipo koma sindinakagwirepo. Ndimaopa kuti kadula besi.

Wa Mawaya pa Boma:
Ndiye uli pa mzere womwewo wa achimwenewa, tsiku lako silinafike chabe. Kamene kaja ndi mlonda wa sipika m'bokosi la paipi. Kamadula mawu a pansi penipeni amene bokosi silingathe kuwagwira. Ngati lako linachunidwa pa 35, kaike cha pa 28 kapena 30. Sutaya chilichonse chimene khutu limamva, ungosiya kuona koni ikuvina yopanda mawu. LPF ikhale cha pa 80, kuti mawu a oimba asamatulukire ku buti. Bass boost isiye pa 0. Wa lotseka akhoza kukhala opanda subsonic, mpweya wotsekeredwa uja umagwira koni ngati sipuling'i.

Wa Sienta pa Lizulu:
Ampu yanga ilibe kabatani kameneko. Ili ndi gain, LPF ndi boost basi. Pamwamba analemba 2000W.

Wa Mawaya pa Boma:
Za pamwambazo zisiyeni, n'zokopera ogula. Yang'anani fyuzi ili m'mbali mwake.

Wa Sienta pa Lizulu:
Imodzi, yobiriwira, 30.

Wa Mawaya pa Boma:
Injini ikamalira batire limakhala pa 14 volts. 30 kuchulukitsa 14 ndi 420. Amenewo ndi ma watts onse amene ingakoke fyuzi isanaduke, ndipo gawo lina limathera kutentha. Ofika ku sipika mwina 250. Palibe 2000 pamenepo. Pa sipikanso muziyang'ana nambala ya RMS, mphamvu imene ingapirire nthawi zonse, osati ya max. Koma 250 m'galimoto yotseka ndi yokwana, musadandaule. Ndipo poti ilibe subsonic, ine voti yanga ndi lotseka.

Aphunzitsi a ku Dedza:
Tisavote sipika yeniyeniyo isanalankhule. Achimwene, katoni ya sipika yatsopanoyo muli nayo? Muli kapepala ka manambala. Mundipezere Fs, ma Hz amene sipika imakonda kunjenjemera payokha, ndi Qes, nambala yosonyeza mmene maginito amagwirira koni.

Wa Sienta pa Lizulu:
Mwayi wake mayi a kunyumba anali asanayatsire mbaula. Fs 31 Hz. Qes 0.68. Pali Qts ndi Vas, muzifunanso? Pansi pake ajambula mabokosi awiri, lotseka alemba 1.1 cu ft.

Aphunzitsi a ku Dedza:
Zakwana. Gawani Fs ndi Qes. 31 kugawa ndi 0.68 ndi 45 ndi kanthu. Lamulo la chala limati yankho likakhala pansi pa 50 sipikayo imakonda lotseka, likapitirira 100 imakonda la paipi, pakatipo imalola konse. Yanu yadzisankhira yokha. Cubic foot imodzi ndi malita 28.3, ndiye 1.1 ndi malita 31.

Manambala amenewa amatchedwa a Thiele ndi Small. Neville Thiele wa ku Australia analemba samu za mabokosi a bowo, a paipi omwewa, mu 1961, Richard Small n'kuzikuza kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970. Bokosi la bowo lenilenilo ndi lakale kuposa pamenepo, Albert Thuras wa ku Bell Labs analandira patent yake, chiphaso cha umwini wa luso, mu 1932. Laling'ono lotseka, lodalira mpweya ngati sipuling'i, analitchukitsa ndi Edgar Villchur ku America mu 1954. Ndiye mkangano wa Madala ndi Mfana unayamba onse asanabadwe.

Madala a ku Bembeke:
Mwandichepetsa zaka Aphunzitsi, koma ndalandira.

Nangozo wa Probox:
Aphunzitsi mukayamba mayina a azungu ife timagona. Tiuzeni za matabwa, mwina nanenso ndibwerera ku nyimbo.

Kalipentala wa pa Chimbiya:
Za matabwa ndi zanga. M'kati mukhale 40 cm, 35 cm ndi 24 cm. Amenewo ndi malita 33.6, kuchotsapo amene sipika idye mutsala ndi 31. Ndi thabwa la 18 mm, kunja kukhala 43.6, 38.6 ndi 27.6. Anthu ambiri amalakwa pamenepa, amayeza kunja n'kuiwala kuti thabwa lili ndi thupi mbali zonse ziwiri.

Ubwino wa lotseka ndi woti limakhululuka. Mukaphonya ndi malita awiri kapena atatu khutu silidziwa. La paipi mukaphonya, mwamva kale zimene zimachitika.

Matabwa a paini a m'phiri muno musayerekeze, ngakhale ndi otsika mtengo. Amakhala asanaume, pakatha miyezi iwiri apindika, mpata watseguka polumikizira. Chipboard cha kabati yakale nachonso ayi, sikuluu sigwira. Mabuku amati MDF, thabwa la utuchi wopanikiza lija, ndipo ndi yabwinodi, yolemera, siilira. Koma MDF ikakhudza madzi imafufuma ngati chigumu. Inu mumanyamula kabichi wonyowa ndi zidebe za tomato, ndiye ine ndingakulangizeni pulayiwudi wa 18 mm. Guluu wa matabwa polumikizira ponse, masikuluu motalikirana ngati chikhatho, poyamba kuboola ndi kadirilo kakang'ono kuti thabwa lisang'ambike. M'kati m'makona monse silikoni. Koma silikoniyo iume tsiku lathunthu musanamange sipika, fungo lake lowawasa lija silikomera guluu ndi mphira wa sipika.

Madala a ku Bembeke:
Muikemonso thonje la m'pilo, lija loyera la pulasitiki. Osadzaza ngati thumba la chimanga, kungomwaza momasuka. Bokosi limamveka ngati lakulako pang'ono. Langa ndinang'amba pilo wa mayi anu, mlandu wake sunathebe.

Mfana wa Amapiano:
Mwandigwirizanira nonse eti. Chabwino. Koma achimwene mudzandifuna tsiku la ukwati wa mng'ono wanu.

Wa Sienta pa Lizulu:
Tidzakuitana ndi galimoto yako yomweyo, mafuta ndi anga kkk. Zikomo nonse. A Kalipentala ndikupezani Lolemba ndikatsitsa anthu pa Chimbiya.

Wa Mawaya pa Boma:
Musaiwale kulimanga bokosilo ku thupi la galimoto ndi lamba kapena mabulaketi. Bokosi ndi sipika ndi makilogalamu oposa 10, mukaponda buleki mwadzidzidzi pa Masasa lidzafikira munthu m'khosi. Ndipo waya wochokera ku batire akhale ndi fyuzi yake pafupi ndi batire pomwepo, osapitirira 45 cm. Ya pa ampu ija imateteza ampu, siteteza galimoto.

*Patapita masiku asanu ndi anayi*

Wa Sienta pa Lizulu:
Akuluakulu, lipoti. Bokosi latheka, lalowa kumbuyo mbali imodzi ndipo matumba awiri akukwanabe. Koma tsiku loyamba ndinakhumudwa. Besi ikagunda kumamveka kamluzu, fyii, fyii, ngati mwana wa mphumu. Ndinaimbira a Kalipentala mokwiya ndithu. Iwo anangoti ndikanikize koni pang'onopang'ono ndi zala zonse motambasula, ndisiye, ndione ngati ikubwerera mwaulesi kapena msanga. Inabwerera msanga. Ndiye anati ndiyatse kandulo ndiyendetse m'mbali monse nyimbo ikulira. Pa makona onse lawi linangoima. Kufika kumbuyo potulukira waya, lawi linayamba kuvina. Bowo limenelo ndinaboola ndekha ndi msomali wamoto nditafika kunyumba, sindinamate.

Kalipentala wa pa Chimbiya:
Nenani mokweza gulu lonse limve kuti bowolo anaboola ndani.

Wa Sienta pa Lizulu:
Ndine, pepani akulu. Ndamata ndi silikoni, kamluzu katha. Tsopano ndikakanikiza koni imabwerera ngati ikuganiza kaye. Dzulo ndimachokera ku Ntcheu m'mawa, chifunga chili tolo, mawindo otseka, ndinaika kwaya ya amayi ili ndi besi gitala. Ndimamva chingwe chilichonse. Bambo wina wachikulire anakhala kutsogolo anafunsa ngati ndasintha wailesi. Kunena zoona, kugunda kwa pachifuwa kuja kwachepako, ndipo ndikaima pa siteji anyamata oitanira satembenukanso.

Mfana wa Amapiano:
Mwamva? Satembenukanso. Ine ndinanena.

Madala a ku Bembeke:
Oitanira amalipira mafuta?

Mfana wa Amapiano:
Madala tisatalikitse. Tsiku la msika pa Lizulu, galimoto zitatu, nyimbo imodzi, yanu ya rege yomweyo. Poyamba mawindo otseka, kenako buti yotsegula. Aphunzitsi akhale oweruza. Subsonic ndaika pa 30, a Mawaya musandiyang'ane choncho. Ndipo achimwene, bokosi lakale lija musawotche, ndikufuna ndiliike paipi ya 33 cm cham'mbali ndione.

Wa Sienta pa Lizulu:
Wachedwa. Mayi a kunyumba anachotsa kapeti, aikamo udzu, nkhuku yayamba kale kuikiramo. Ikulowera pa bowo la sipika.

Aphunzitsi a ku Dedza:
Ine ndibwera, koma mundinyamule pa Dedza, ndipo ndibwerere ndi ndowa ya kachewere.

Nangozo wa Probox:
Mpikisano wanuwo mukachitire kutsidya kwa msewu, mbali ya Mozambique. Ine ndimagulitsa mbali ino ndipo makasitomala anga amafuna kumva mtengo. A Kalipentala, lija la 43 ndi 38 lingakwane kuseri kwa mpando wa Probox? Ndiyezereni, koma pilo ndibweretsa wanga.